Mphamvu ya Kalavati Ili m'Dothi Lomuzungulira

Anthu ambiri amaganiza kuti kalavati akaphwanyika pansi pa msewu, mlandu wonse ndi wa lole yolemera imene yadutsapo. Nthaŵi zina zimaterodi. Koma kaŵirikaŵiri kalavatiyo amakhala atagonja kale tsiku limene anakwiriridwa.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Kalavati nayenso sasenza msewu yekha. M'chaka cha 1913, Anson Marston wa ku Iowa State College ku America anasonyeza kuti kulemera kumene paipi yokwiriridwa imasenza kumadalira kukula kwa dzenje ndi mtundu wa dothi lothiridwamo. M'chaka cha 1941, Merlin Spangler wa pasukulu yomweyo anaonjeza kuti paipi ya malata ikapsinjidwa kuchokera pamwamba imafuna kuphwatalala, ndipo chimene chimailetsa kutero ndi dothi la m'mbali mwake. Dothilo likakhala losatsendera, paipi imapindika ndipo msewu umatitimira. Kalavati wa konkire sapindika, koma akagonekedwa pa miyala yosongoka kapena pamalo osasalaza, amang'aluka.

Dothi la pamwamba nalonso lili ndi ntchito yake. Tayala la lole limaponda malo ochepa, koma kulemerako kumamwazikana pamene kukutsikira pansi. Ndicho chifukwa chake mainjiniya ambiri salola kuti dothi la pamwamba pa kalavati lichepere masentimita 30. Mvula ikakokolola dothi limeneli pa msewu wa fumbi, lole ya feteleza kapena ya fodya imaponda paipi yeniyeniyo.

Tsono apa ndi pamene pali udindo. Kapitao amene alola anyamata ake kukankhira dothi lonse m'dzenje nthaŵi imodzi, mmalo mothira pang'ono, kutsendera mbali zonse ziŵiri ndi kuthiranso, akuononga chuma cha boma. Wogwira ntchito m'boma amene asainira ntchito yotere osaiona ali ndi mlandu womwewo. Woyendetsa lole amene azemba sikelo ya pa Mwanza kapena pa Balaka akungomaliza zimene aulesi anayamba.

Namondwe wa Freddy, amene anadula misewu yambiri m'chigawo cha kummwera m'chaka cha 2023, anakumbutsa aliyense kuti madzi akasoŵa njira amadzipangira yawo. Kalavati wotsekeka ndi zinyalala amachititsa madzi kukumba dothi limene limamuchirikiza.

Choncho atsogoleri a nthambi ndi madera, pamodzi ndi mafumu, alimbikitse anthu kuchotsa mchenga ndi zinyalala m'makalavati mvula isanayambe. Msewu ukaduka mu Januwale, wodwala safika kuchipatala.