Wailesi ya Fuko Isasanduke Msika

M'chaka cha 2007 aphungu a Nyumba ya Malamulo adachita chinthu chimene ena adachiseka, ena adachiwombera m'manja, koma ochepa okha ndiwo adachilingalira mofatsa. Pokambirana ndondomeko ya chuma cha boma, iwo adapatsa wailesi ya MBC kwacha imodzi, wailesi yakanema ya TVM nayonso kwacha imodzi, kuti ziyendetsere ntchito zawo chaka chathunthu. Aphungu a zipani zotsutsa, amene panthawiyo adali ochuluka m'nyumbamo, adati nyumba ziwiri zoulutsira mawuzi zidasanduka zikwapu m'manja mwa boma la Bingu wa Mutharika. Dandaulo lawo silidali lopeka ayi. Amene adamverapo pulogalamu ya Makiyolobasi amakumbukira m'mene atsogoleri otsutsa ankanyozedwera pa wailesi imene misonkho ya owatsatira awo inkathandiza kuyendetsa. Komatu chilango cha kwacha imodzicho sichidagwere andale amene ankalamula zonenedwa pa wailesipo. Nyumba youlutsira mawu ikamanidwa ndalama ili ndi kumodzi kokha kothawira, kumene ndi kwa otsatsa malonda. Ndipo ikathawira kumeneko, woyamba kuiwalika ndi munthu wosauka wa kumudzi.

Boma la Phalombe likhoza kuimira maboma ambiri pa nkhani imeneyi. Lidapatulidwa kuchoka ku Mulanje m'chaka cha 1998, ndipo kalembera wa 2018 adapezamo anthu oposa 400,000. Ambiri mwa iwo ndi alimi a chimanga, nandolo, mpendadzuwa, fodya ndi mpunga, ena ndi asodzi a ku nyanja ya Chilwa. Mlimi wa kwa Nazombe amagwira ndalama yooneka kamodzi pachaka, akagulitsa nandolo wake, ndipo ndalamayo isanafunde n'komwe m'thumba yapita kale ku feteleza, fizi ya mwana ndi malata odontha. Nanga wotsatsa galimoto, inshulansi kapena mapuloti a ku Lilongwe ali naye chiyani munthu wotere? Wotsatsa malonda sagula pulogalamu chifukwa choikonda. Iye amagula maso ndi makutu a anthu amene ali ndi ndalama zogulira katundu wake, ndipo maso ndi makutu otere achuluka ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Sichifukwa cha nkhanza ayi; umo ndi momwe malonda amayendera. Cholakwa chili pa iwo amene amayembekezera kuti malonda asenze katundu amene ali wa fuko lonse.

Tsono wailesi ikamadya za otsatsa malonda, pang'onopang'ono imayamba kuyang'ana kumene kukuchokera nsima. Nthawi yabwino ya madzulo, pamene banja labwera kumunda ndipo lakhala pamodzi, imaperekedwa kwa amene walipira zambiri. Pulogalamu yofotokoza za mbozi zowononga chimanga, za mitengo ya nandolo, za kolera wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, imakankhidwira ku nthawi imene mlimi ali ndi khasu m'manja kapena ali m'tulo. Ikapezeka pa nthawi yabwino, kawirikawiri ndiye kuti bungwe lina lothandiza layilipirira, ndipo tsiku limene ntchito ya bungwelo idzathe, pulogalamunso idzafa nayo. Kutumiza mtolankhani ndi kamera kwa Nkhulambe kumadya mafuta, ndalama zogonera ndi masiku awiri. Kujambula msonkhano wa kampani mu hotela ya mu Blantyre sikudya kanthu, ndipo kampaniyo imathokozanso. Mkonzi amene akuwerengera makwacha sachedwa kudziwa kumene atumize kamera yake.

Chitsanzo cha zilankhulo chimaonetsa bwino za ntchito imene msika sungaigwire. MBC idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964. M'chaka cha 1968, Chichewa chitasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko, Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi, ndipo chidabwerera m'chaka cha 1994 ulamuliro wa zipani zambiri utayamba. M'chaka cha 1996 nkhani zidayamba kumveka m'Chiyao, Chisena ndi Chilomwe. Kwa agogo a ku Phalombe, amene zidzukulu zawo zambiri sizithanso kupereka moni m'Chilomwe, mphindi zochepa zimenezo si zamasewera. Koma kodi ndi kampani iti imene ikadapempha kuti nkhani ziziwerengedwa m'Chilomwe pofuna kugulitsa sopo wambiri? Palibe. Chilomwe chidalowa pa wailesi chifukwa wailesiyo ndi ya fuko, ndipo chidzakhalapo pokhapokha fukolo likamalipira.

Palinso nkhani ina yolemera kuposa imeneyi. Pa 10 Malichi 1991 madzi osakanikirana ndi matope, miyala ndi mitengo adatsika m'phiri la Michesi nakokolola midzi ndi malo a malonda a Phalombe. Anthu mazanamazana adafa, ndipo mpaka lero tsokalo limatchedwa Napolo. Patapita zaka 32, m'mwezi womwewo wa Malichi m'chaka cha 2023, namondwe wa Freddy adagwetsanso mapiri m'chigawo cha kummwera. M'dziko lonse anthu oposa 600 adamwalira, ena oposa 500 adasowa, ndipo dera la Nkhulambe lidali limodzi mwa madera amene adasakazidwa koopsa. Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma, komatu masiku ano chimaimba ndithu: akatswiri a zanyengo amamuona namondwe akadali pa nyanja ya mchere, masiku angapo asanafike. Chotsala n'chakuti ng'omayo imveke kwa wokhala m'tsinde mwa phiri, m'chilankhulo chimene iye amamva, mobwerezabwereza, usana ndi usiku, ndi kumuuza kumene athawire. Ntchito imeneyi imafuna makina oulutsira mawu amene amafika kuseri kwa phiri la Mulanje, mafuta a jenereta magetsi akazima, ndi antchito olipidwa pa nthawi yake. Zonsezi sizibweretsa phindu la tambala imodzi. Wailesi imene ikuyenera kugulitsa mphindi iliyonse kuti ilipire antchito ake imaona ola la chenjezo ngati ola lotayika. Dziko limene mapiri ake amagumuka lisamayike wailesi yake pa mayesero otere.

Wina anganene kuti nkhani ya kanema njakutali ndi Phalombe, popeza nyumba zambiri kumeneko zilibe magetsi. Zidali choncho pamene TVM inkayamba kuonetsa zithunzi m'chaka cha 1999, koma zinthu zasintha. Pa Migowi, pa Chiringa ndi pa malo ena a malonda kanema amaonetsedwa m'magolosale, m'malo ometera ndi m'timanyumba toonetsera mpira, ndipo magetsi a dzuwa afikitsa kanema m'midzi imene mawaya a ESCOM sadafike. Ndani amadzaza mabenchi a m'timanyumbato? Ana a sukulu ndi anyamata osowa ntchito. Amenewa ndiwo amameza malonda onse osasefa. Mpira usanayambe, pa nthawi yopuma ndi pothera pake, amauzidwa kuti chuma chili pafupi, angobetcha basi. Sauzidwa za anzawo ochuluka amene adabetcha ndalama ya mbewu nabwerera kunyumba chimanjamanja. Munthu wamkulu angathe kuseka bodza la malonda. Mwana wa zaka khumi sasiyanitsa nkhani yoona ndi mawu ogulidwa, makamaka ngati zonse zikutuluka m'bokosi limodzi ndi mawu a muulutsi mmodzi.

Kuti malonda a pa wailesi angathe kuvulaza si nkhani yongoganizira. M'chaka cha 2016, pamene anthu achialubino ankaphedwa ndi kudulidwa ziwalo, khoti lalikulu ku Mzuzu lidaletsa asing'anga kugwira ntchito zawo, ndipo lidaletsanso nyumba zofalitsa nkhani kulengeza malonda awo. Zidatengera khoti kuti liletse zimene nyumbazo zikadakana zokha. Koma wa njala sakana ndalama.

Ngakhale malonda atakhala a katundu wabwino, kuchuluka kwake kumawononga pulogalamu. Sewero la mphindi makumi atatu likadulidwa katatu kapena kanayi, wopenya amataya ulusi wa nkhani, ndipo wolemba sewero amayamba kulemba moyembekezera kudulidwako. Nkhani za madzulo zikazingidwa ndi maina a makampani, mtolankhani amaganiza kawiri asanafufuze kampani imene dzina lake lili pamwamba pa mutu wake. Amene amadandaula kuti MBC imaopa boma aziwonjezapo kuti wailesi yodalira malonda imaopa mabwana awiri. Ndipo m'dziko muno mabwana awiriwa nthawi zina ndi mmodzi, pakuti maunduna ndi makampani a boma ali m'gulu la otsatsa akuluakulu.

Pali mtsutso umene suyenera kupeputsidwa. Ambiri amati: bwanji kuthira ndalama za misonkho m'wailesi imene kuyambira nthawi ya Kamuzu Banda yakhala ikuimbira chipani cholamula, chilichonse chimene chili pampando? Amati wailesi zoima pazokha, monga Zodiak imene idayamba m'chaka cha 2005, zimafika kumidzi ndipo anthu amazikhulupirira. Izi n'zoona, ndipo wailesi zoterezi zachita ntchito yotamandika. Koma izo zili ndi eni ake. Mwini wake angathe kuigulitsa, kuitseka kapena kuisintha mawa, ndipo munthu wa kwa Chiwalo alibe pokadandaula. MBC yokha ndiyo imene lamulo limaikakamiza kutumikira aMalawi onse. Ikamalephera, chofunika ndi kuchotsa chimene chikuilepheretsa. Wailesiyi imaimbira olamula chifukwa bodi yake imasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, ndiponso chifukwa chaka ndi chaka imapita kukagwada kuti ipatsidwe ndalama. Kuimana chakudya sikudula chingwe chimenecho. Kumangoifooketsa kuti isathe kuchikoka. Malamulo a zofalitsa mauthenga adalembedwa m'chaka cha 1998, TVM ndi MBC zidaphatikizidwa m'chaka cha 2010, malamulowo adalembedwanso m'chaka cha 2016, koma chingwecho chidasiyidwa chili chimangire.

Maiko ena adalimbana nalo kale vutoli. Ku Britain, nyumba iliyonse yoonera kanema imalipira laisensi, ndipo BBC sionetsa malonda pa kanema wake wa m'dzikomo. Ku Germany, wailesi zakanema za ARD ndi ZDF zimaloledwa mphindi 20 zokha za malonda patsiku. Ikakwana 8 koloko madzulo malonda amatha, ndipo Lamulungu ndi masiku a tchuthi kulibe. France idachotsa malonda a usiku pa kanema wa boma m'chaka cha 2009. Sweden idaletsa malonda olunjika kwa ana osakwana zaka 12. Komabe si njira iliyonse imene ingamere m'nthaka ya Malawi. Ku South Africa laisensi ya kanema ilipo, koma anthu ambiri salipira, ndipo SABC imakhalira malonda. Kutumiza anthu kuti aziyenda khomo ndi khomo kwa Jenala kufunsa laisensi ya kanema kungadye ndalama zambiri kuposa zimene angatolere, ndipo kungadanitse anthu ndi wailesi yawo yomwe.

Ndiponso si zoona kuti wa kumudzi salipira kanthu. Akagula shuga, mabatire a wailesi kapena mayunitsi a foni, msonkho wapita kale ku boma. Wailesiyi adailipira kale; chimene sadalandire ndi katundu wake. Njira yoyenera ndi yakuti lamulo lipatule gawo lodziwika la ndalama, mwina kuchokera ku zimene makampani a mafoni ndi nyumba zoulutsira mawu amapereka ku bungwe la MACRA, kuwonjezera pa zimene Nyumba ya Malamulo imapereka, ndipo gawolo likhazikitsidwe kwa zaka zisanu, kuti pasakhale nduna kapena gulu la aphungu lotha kulitsitsa chifukwa chokwiya ndi nkhani ya dzulo. Mamembala a bodi azifunsidwa mafunso poyera ndi komiti ya aphungu a mbali zonse, ndipo chaka chilichonse MBC izionetsa m'mene yagwiritsira ntchito ndalamazo: maola angati adapita ku ulimi, angati ku maphunziro, angati ku chilankhulo chilichonse, ndi maboma angati amene kamera idafikako.

Ikalandira ndalama zotere, wailesiyo ivomere malire. Mphindi zisanu ndi imodzi za malonda pa ola n'zokwanira, ndipo zizibwera pakati pa pulogalamu ina ndi inzake, osati m'kati mwa pulogalamu. Nkhani, machenjezo a zanyengo, mapulogalamu a ana ndi maphunziro a pa wailesi, onga a Tikwere amene adathandiza ana sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19 m'chaka cha 2020, zisakhudzidwe ndi malonda ngakhale pang'ono. Malonda a mowa ndi a kubetcha adikire ana atagona. Pulogalamu yogulidwa, kaya ndi kampani, mpingo, mneneri kapena unduna, izilembedwa poyera kuti njogulidwa kuyambira poyamba mpaka pothera. Malire amenewa angapindulirenso wailesi zoima pazokha, pakuti malonda amene MBC ingawasiye angapite kwa izo, zimene zilibe thandizo la misonkho.

Amalonda adzadandaula, ndipo madandaulo awo adzamveka msanga chifukwa maofesi awo ali pafupi ndi a nduna. Andale a chipani cholamula sadzafuna kumasula chingwe, ndipo otsutsa, amene amalira ndi MBC akakhala kunja, amaiwala kulirako tsiku limene alowa m'boma; zaoneka choncho kusintha kulikonse kwa boma kuyambira 1994. Choncho nkhaniyi sidzayambira ku Lilongwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Aphungu a ku Phalombe amabwera kudzapempha mavoti pa Migowi, pa Mpasa ndi kwa Nkhulambe zaka zisanu zilizonse, ndipo amafunsidwa za milatho, makuponi a feteleza ndi mijigo. Pa mafunso amenewo pawonjezeke lina: bilu ya ndalama za MBC ndi malire a malonda adzaipititsa liti ku Nyumba ya Malamulo, ndipo akadzaipititsa wina, iwo adzavota mbali iti?