Penti Yonyezimira Sichiritsa Dzimbiri

Mpunga ukagulitsidwa, ambiri a ife kuno ku Chama timathamangira kukagula galimoto yakale, kapena kukakongoletsa imene tili nayo. Alimi anzathu, tikumbukire kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Fila, phala lija amisiri amamata pa chitsulo chopindika, ntchito yake ndi kusalaza timaenje, osati kutseka chiboo. Akaimata mochindikala kuposa mamilimita 6, kapena pamwamba pa dzimbiri, masiku ake ngowerengeka. Mabampu a msewu wa ku Lundazi amaing'amba, madzi a mvula nkulowa m'ming'alumo, pakuti fila imamwa madzi. Feteleza wotayikira kumbuyo kwa galimoto amafulumizitsanso dzimbiri. Posakhalitsa penti imachita matuza nkuyamba kusupuka.

Tsono uzani mmisiri awongole chitsulo, apale dzimbiri mpaka chiyere, awotcherere chigamba pobooka, kenaka apake fila yopyapyala, pulaima ndi penti. Nzodula ndithu, koma mudzalipira kamodzi.

Pokagula galimoto nyamulani maginito. Akakana kugwira pa chitseko chachitsulo, dziwani kuti pansi pa penti pali fila yochindikala. Thukuta la chaka chonse lisathere pa phala.