"Katundu akagulidwa sabwezedwa" si lamulo

Amalonda anzanga, ambiri a ife timalota Probox kapena Vanette yathuyathu yokatengera tomato ku Jenda kapena kachewere ku Tsangano. Ndiye mwasonkha za chipereganyu ndi banki m'khonde, mwagula galimoto kwa ogulitsa magalimoto ogwirapo kale ntchito. Sabata isanathe giyabokosi yafa. Mukabwerera, bwana akukulozerani pa lisiti: katundu akagulidwa sabwezedwa.

Ine ndikuti musabwerere manja ali m'khosi. Mawu a pa lisitiwo safufuta ufulu wanu. Wochita bizinesi yogulitsa magalimoto ayenera kukupatsani galimoto yoti igwire ntchito yake molingana ndi zaka zake ndi mtengo wake. Ngati adabisa vuto, kapena adabweza makilomita m'mbuyo, kumeneko ndi kunamiza wogula. Bungwe la CFTC, loona za chilungamo pa malonda, limalandira madandaulo otere, ndipo lamulo la 2024 lidalipatsa mphamvu zolamula kuti wogula abwezeredwe ndalama komanso zolipiritsa chindapusa. Zikakanika, kukhoti kulipo.

Koma milandu yambiri timaiononga tokha. Galimoto ikangotsokomola timathamangira kwa makaniko wa pansi pa mtengo, iye n'kumasula injini yonse. Wogulitsa apeza ponamizira: mwaiononga ndinu. Imikani galimotoyo. Pezani makaniko wodziwika aiyeze n'kulemba zimene wapeza, asanakonze kanthu. Kenaka lemberani wogulitsayo kalata yonena vuto ndi chimene mukufuna, kaya kukonza, kusintha kapena kubweza ndalama, ndipo muike tsiku lomaliza kuyankha. Sungani kope lake, mauthenga a pa WhatsApp ndi chithunzi cha malonda amene adaika pa Facebook. Musachedwe. Mukayenda nayo miyezi muli chete, lamulo likhoza kukuonani ngati mudailandira momwe iliri, ndipo kuibweza kumavuta.

Tisanamizane, galimoto yakale ndi yakale. Matayala akutha kapena dzimbiri limene mudaliona ndi maso pogula, simungadandaule nalo. Ndipo ngati ndalama mudapatsa dobadoba pamsewu, popanda lisiti yokhala ndi dzina la kampani, mudzasumira ndani? Pa tsiku logula onani kuti dzina la pa bulubuku ndi la amene akulandira ndalama zanu, kapena akuonetseni kalata yomuloleza kugulitsa.