Ulemu wa wotchi uli m'manja mwa woikonza

Ku Chipata, pa Kapata kapena ku Down Shops, munthu akhoza kugula wotchi yolembedwa Rolex pamtengo wa nkhuku imodzi, ndipo wogula ndi wogulitsa onse amadziwa kuti dzinalo ndi lonamizira. Tinatengera dzina, koma chimene chinalikweza tinachisiya. Wotchi yeniyeni yopanda batire imayendera sipuling'i yopukusa ndi timagiya tosaoneka bwino popanda galasi, ndipo kawiro kake kamagunda mwina ka 28,800 pa ola. Imafuna kupasulidwa, kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta pakapita zaka zingapo. Popanda mmisiri, ngakhale wotchi ya Patek Philippe imene inagulidwa pa mafaranga a ku Switzerland 31 miliyoni mu 2019 idzaima tsiku lina. N'chifukwa chake ndikuti anthu a ku Chipata asasirire mawotchi odula. Asamale okonza mawotchi amene atsala.

A ku Switzerland anaphunzira zimenezi movutika. Seiko itatulutsa wotchi ya batire ya Astron mu December 1969, ntchito za mawotchi kumeneko zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 90,000 kufika cha m'ma 30,000 m'zaka 15. Ku fakitale ya Zenith ku Le Locle, eni ake analamula m'ma 1970 kuti zida zopangira makina a El Primero zitayidwe. Mmisiri wina, Charles Vermot, anakazibisa kudenga pamodzi ndi zolemba zake. Anthu atayambanso kufuna mawotchi opukusa, zidazo zinatulutsidwa, ndipo kuyambira 1988 Rolex yeniyeniyo inkaika makina a Zenith mu wotchi yake ya Daytona. Chinapulumutsa makinawo ndi kuuma mutu kwa munthu wodziwa ntchito. Mu 2020 UNESCO inalemba luso lopanga mawotchi opukusa pa mndandanda umene Gule Wamkulu wathu analowapo kale, ndipo chimene inalemba ndi nzeru zopatsirana, osati golide.

Wina anganene kuti foni imasunga nthawi bwino kuposa wotchi yopukusa. Akunena zoona: yabwino kwambiri imaloledwa kutsala masekondi 4 kapena kutsogola 6 patsiku, pamene foni siphonya. Winanso angati mlimi wa mtedza wa ku Chiparamba alibe nazo ntchito za anthu olemera. Komatu mawotchi amene ali m'masutikesi a agogo athu si a anthu olemera. Ndi ma Seiko 5 ndi anzake, amene ambiri anabwera nawo kuchokera kumigodi ya ku Kitwe ndi Johannesburg, ndipo ochuluka angayendenso atangotsukidwa. Komanso dzanja lotha kugwira kasikuluu kochepa ngati njere ya mchenga ndi lomwelo likufunika pokonza foni, masikelo ogulira mbewu ndi zipangizo za m'chipatala. Tauni yathu imene inkapanga njinga za Eagle, imene mpaka lero ili ndi wokonza njinga pafupifupi pamphambano iliyonse, sifunika kuuzidwa kuti chinthu chokonzeka chimaposa chotaya.

Vuto n'lakuti ntchito ya wokonza mawotchi yatsala kusintha mabatire ndi malamba, ndipo achinyamata saonapo phindu. TEVETA ndi Chipata Trades Training Institute aitane akuluakulu okonza mawotchiwa kuti aziphunzitsa limodzi ndi okonza mafoni, khonsolo nayo iwapatse malo oonekera pamsika. Inunso amene mukusunga wotchi ya malemu bambo anu, pitani nayo kwa mmisiri akadalipo, ndipo mumulipire mosanyinyirika.