PA KHONDE LA MWALIMU: Kugawa njuchi kumafuna kudekha



Ulendo uno ndati tichezeko za njuchi, kachilombo kamene Surah ya 16 ya Qur'an yolemekezeka, An-Nahl, idatengerapo dzina. Kuno ku Phalombe, m'tsinde mwa mapiri a Michesi ndi Mulanje, uchi umagulira ana makope m'mabanja ambiri. Koma namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, madzi adakokolola nyumba, minda ndi mitengo pamodzi ndi ming'oma yomwe. Ena adatsala ndi umodzi kapena iwiri. Tsono munthu wotere achulukitsa bwanji njuchi zake? Akhoza kupachika mng'oma wopanda kanthu n'kudikira kuti zilowe zokha, koma nthawi zina chaka chimatha mukugona abuluzi. Njira ina ndiyo kugawa banja limodzi la njuchi kuti akhale awiri.

Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga. Ine ndidagawa mng'oma wanga m'mwezi wa Juni, chiperoni chili m'kati. Ndidasankha malesa onona a uchi okhaokha pamodzi ndi njuchi zake, n'kuwaika mu mng'oma watsopano. Pasanathe milungu iwiri ndidaupeza uli mbee! Wakale uja nawo udafooka, linthumbwi n'kudzamaliza. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Nditadandaula kwa bambo wina wachikulire amene wafula uchi kuyambira unyamata wake, iye adaseka nati, "Mwalimu, ana aja mudawapatsa kamba, koma simudawapatse mayi."

Mawu amenewa ndiwo mutu wa nkhani yonse. Banja lililonse la njuchi lili ndi mfumukazi imodzi, ndipo ndi yokhayo imene imaikira mazira oswa njuchi zantchito. Mukagawa, mbali imodzi itsala yopanda mfumukazi. Njuchi zikazindikira zimenezi, zimasankha kamphutsi kosapitirira masiku atatu chiswere, n'kukamangira chipinda chachikulu cholendewera chooneka ngati chikoko cha mtedza, n'kumakadyetsa chakudya chapadera. Pakatha masiku 15 kapena 16 kuwerengera tsiku limene dzira lidaikiridwa, mfumukazi yatsopano imatuluka. Popanda mazira kapena timphutsi tating'ono, njuchi zilibe poyambira, ngakhale uchi utadzaza.

Choyamba tsono, gawani banja lamphamvu lokha, limene ana afalikira pa malesa asanu ndi atatu kapena kuposerapo. Ntchitoyi imatheka bwino mu mng'oma wamakono wa timitengo toyala pamwamba, kamtengo kalikonse kotambalala mamilimita 32, chifukwa lesa lililonse limanyamuka palokha. Mu mng'oma wa khungwa malesa amamatirira, ndiponso kusenda khungwa kumapha mtengo umene njuchizo zimadalira.

Chachiwiri ndi nyengo. Musagawe m'nyengo yozizira kapena ya mvula yosalekeza. Dikirani maluwa achuluke, monga mu Seputembala ndi Okutobala pamene mitengo ya m'thengo ikuchita maluwa. Onani pakhomo pa mng'oma. Ngati njuchi zikulowa ndi mungu kumiyendo, ndipo mukuona njuchi zazimuna, zija zonenepa za maso aakulu zosaluma, nthawi yakwana. Mfumukazi yatsopano iyenera kuuluka kukakumana ndi zazimunazo m'malere isanayambe kuikira.

Chachitatu ndi kagawidwe. Pitani dzuwa litapendeka koma kukuwalabe, mutavala zodzitetezera, ana ndi mbuzi zili kutali, pakuti njuchi zathu kuno n'zaukali. Fukizani utsi pang'ono. Musagwiritse muuni wa moto, poti mu Hadith imene adailandira Ibn Abbas, Mtumiki (SAW) adaletsa kupha njuchi. Tengani malesa atatu kapena anayi okhala ndi mazira, timphutsi ndi ana otsekeredwa, njuchi zake zili pomwepo. Mazirawo ndi toyera ting'onoting'ono toimirira pansi pa timabowo. Onjezani malesa awiri a uchi ndi mungu. Ana akhale pakati, chakudya m'mbali. Lesa musaligoneke ponyamula chifukwa limathyoka. Mfumukazi yakale mukapanda kuiona musavutike. Chofunika n'chakuti ming'oma yonse iwiri itsale ndi mazira, kuti umene ulibe mayi udzilerere wake.

Kumbukiraninso kuti njuchi zotuluka kukafuna chakudya zimabwerera pamalo pamene zidazolowera. Motero mng'oma watsopano mukaupachika pafupi, zambiri zithawira ku wakale. Usiku womwewo utsekeni pakhomo ndi kansalu kolowa mpweya, muunyamule kupita nawo mtunda wa makilomita atatu kapena kuposa. Ngati zimenezo n'zosatheka, upachikeni pamalo pa wakale, wakalewo muusunthire pena. Chepetsani khomo lake, ndipo pakani girizi pa mawaya kuti nyerere zisakwere.

Gawo lovuta koposa ndilo lotsiriza: kuusiya. Njuchi za kuno sizichedwa kusamuka zikamasokonezedwa. Musatsekule mpaka patatha milungu inayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapeza mazira atsopano, thokozani Allah, mayi alipo. Mukapanda kuwapeza, tengani lesa lina la mazira ku mng'oma wakale muwapatsenso mwayi. Ndipo nyengo imeneyo musayembekezere uchi wambiri, pakuti mwasinthanitsa uchi wa lero ndi banja la mawa.

Abale anga a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, chambo chikusowa m'makoka, koma mango ndi misangu ikuchitabe maluwa kuseri kwa nyumba zanu. Yambani ndi mng'oma umodzi, muusamale kufikira utalimba, kenaka mugawe. Ine ndidayambiranso ndi njuchi zimene bambo uja adandigawira. Ulendo wachiwiri ndidayamba ndafunafuna mazira ndisanakhudze uchi, ndipo lero ming'oma yonse iwiri ikulira.

Tidzachezanso m'kope likudzali, Insha Allah. Wassalam.