Tisanathamangire khofi, tifunse za ku Brazil



Ndiloleni kadanga m'nyuzipepala yathu yokondedwayi kuti ndilankhulepo pa nkhani ya khofi imene yautsa mapiri pachigwa m'midzi mwathu muno. Chimvekereni mbiri yoti mtengo wa khofi pa msika wa dziko lonse unakwera kwambiri mu 2024 ndi 2025, anzanga ena akuti tisiye fodya, tichepetse chimanga, tidzale khofi munda wonse. Ngakhale pabwalo la tchalitchi tikaweruka mapemphero nkhani ndi yomweyi. Ine sindikudana ndi khofi ayi, koma ndati tiyambe tafunsa amene anauyamba kale ulendowu, pakuti safunsa anadya phula.

Mwini khofi pa dziko lapansi ndi Brazil, dziko lalikulu la ku South America. Pa matumba atatu aliwonse a khofi amene amakololedwa pa dziko lonse, pafupifupi limodzi limachokera kumeneko, ndipo dzikoli lakhala patsogolo kwa zaka zoposa 150. Mbewuyi inalowako mu 1727 ndi msilikali wina dzina lake Francisco de Melo Palheta, kuchokera ku French Guiana. Pambuyo pake minda ikuluikulu inatsegulidwa m'madera a Rio de Janeiro, São Paulo ndi Minas Gerais. Amene ankaswa mphanje, kupalira ndi kuthyola khofiyo anali akapolo ochokera kuno ku Africa, ena mwa iwo okwezedwa zombo pa doko la Quelimane ku Mozambique, ndipo ukapolowo unatha mochedwa, mu 1888. Ndalama za khofi ndi zimene zinamanga njanji yotsikira ku doko la Santos ndi kusandutsa São Paulo kukhala mzinda waukulu.

Koma taonani zimene zinatsatira. Pofika m'zaka za m'ma 1920, khofi yekha ankabweretsa zoposa theka la ndalama zakunja za dzikolo. Chuma cha ku America chitagwa mu 1929, ogula anasowa ndipo mtengo unagwa chagada. Nkhokwe zinadzaza mpaka boma linayamba kugula khofi kwa alimi n'kumamutentha, wina kumutaya m'nyanja. Kuyambira 1931 mpaka 1944 matumba oposa 70 miliyoni, lililonse la makilogalamu 60, anawonongedwa motero. Thukuta la anthu linasanduka utsi pamene ana awo ankagona ndi njala, poti khofi saphikira nsima.

Tisaganize kuti za ku Brazil ndi za kutali. Khofi anadzalidwa pa mishoni ya Blantyre mu 1878, ndipo pofika cha m'ma 1900 ndiye anali mbewu yaikulu yogulitsa kunja kuchokera m'dziko lino. Khofi wa ku Brazil atasefukira pa msika, kuphatikizapo chilala ndi tizilombo, minda ya ku Blantyre ndi ku Zomba inagwa, eni ake n'kutembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Ndiye kuti Brazil anatigwetsapo kale kamodzi.

Chimene ndikufuna alimi anzanga amvetse ndi ichi: kawirikawiri mtengo wa khofi umakwera pamene ku Brazil kwagwa tsoka. Nyengo yawo yozizira ndi yomwe yathuyi, Juni ndi Julayi. Mu Julayi 1975 chisanu choopsa chinawaula mitengo ya khofi m'dera la Paraná, mtengo unakwera, ndipo maiko ambiri anathamangira kudzala. Patapita zaka zochepa mtengo unatsika. Mu 1994 chisanu chinabweranso, mtengo n'kukweranso, koma pofika 2001 unali utatsikiratu moti alimi ambiri m'maiko osiyanasiyana analephera kubweza ngakhale ndalama zolimira. Kukwera kwa 2024 nako kunadza chifukwa cha chilala ndi kutentha ku Brazil ndi ku Vietnam. Tsono mbande ya khofi imatenga zaka zitatu kapena zinayi kuti iyambe kubereka. Wodzala lero chifukwa cha mtengo wa lero adzakolola pamene minda ya ku Brazil yachira, ndipo adzagulitsa pa mtengo wa tsiku limenelo.

Nanga anzathuwo anataya khofi? Iyayi. Anaphunzira zinthu zitatu. Choyamba, anasiya kudalira mbewu imodzi. Lero amagulitsa kunja soya, shuga, nyama, mafuta, miyala ya chitsulo, ngakhalenso ndege, moti khofi ndi gawo lochepa chabe la chuma chawo ngakhale akadali oyamba pomulima. Chachiwiri, amamwa okha khofi wawo. Kupatula America, palibe dziko limene limamwa khofi wambiri kuposa Brazil, choncho msika wakunja ukavuta wapakhomo ulipo. Chachitatu, alimi ang'onoang'ono anagwirizana. Kopaletivi ya Cooxupé ku Minas Gerais ili ndi alimi zikwizikwi, ambiri a minda yaing'ono, ndipo ili ndi nkhokwe zake, alangizi ake, n'kumagulitsa yokha kunja. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Pempho langa kwa alimi anzanga ndi loti amene ali kumapiri kozizira adzale khofi ndithu, koma pa chigawo cha munda, chimanga, nyemba ndi nthochi zikhale pamalo pake. Asadzale ndi ngongole ya katapila, ndipo asanakumbe dzenje loyamba adziwe wodzamugulitsa, makamaka polowa m'magulu monga achitira anzathu a ku Misuku ndi ku Phoka. Kuchoka pa fodya yekha n'kupita pa khofi yekha ndi kungosintha bwana, goli ndi lomwelo.

Kwa inu abusa, ansembe ndi akulu a mipingo, anthu amakumverani. Mumatiphunzitsa za Yosefe amene anasunga chakudya m'zaka za dzinthu pokonzekera zaka za njala. Chonde phunziro lomwelo lifikenso kumunda, nkhosa zanu zisanazule chakudya cha ana chifukwa cha mtengo womva pa wailesi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.



Ine wanu,
Mlimi wokhudzidwa,
Ntchisi.