Pabanja Pathu: Liwiro la M'chipululu cha Sakhir



Masiku ano ana athu ambiri akukonda masewera a mpikisano wa magalimoto, ena pa foni, ena pa kompyuta kapena pa PlayStation. Makolofe timangomva phokoso la injini kuchipinda, nthawi ya Magharibi n'kukwana mwana ali chikhalire. Tisanaweruze kuti masewerawa ngabwino kapena ngoipa, tiyeni tiyambe tawadziwa. Titenge bwalo limodzi lomwe limapezeka m'masewera a Formula One, la ku Bahrain.

Bwaloli lilikodi. Lili m'chipululu cha Sakhir, analikonza ndi Hermann Tilke wa ku Germany, ndipo linatsegulidwa mu 2004. Chaka chomwecho kunachitika mpikisano woyamba wa Formula One m'chigawo cha Middle East, ndipo anapambana ndi Michael Schumacher pa galimoto ya Ferrari. Msewu wake ndi wotalika makilomita 5.412, uli ndi makona 15, ndipo mpikisano wathunthu ndi kuuzungulira maulendo 57. Mu 2014 anayamba kuchita mpikisanowu usiku, magetsi atayatsidwa. Opanga masewera anatengera msewu womwewu, makona ake, zitunda ndi zitsetse zomwe. Wosewera amene ali ndi chiwongolero cholumikiza ku kompyuta amamva m'manja mwake matayala akayamba kuterereka.

Wina angaganize kuti wopambana ndi amene amaponda moto kwambiri, koma pa bwaloli sizitero. Pothera pa msewu wowongoka galimoto imakhala itapitirira makilomita 300 pa ola, ndipo pa kona yoyamba iyenera kukhota kumanja pa liwiro losafika 100. Wochedwa kuponda buleki, ngakhale pang'ono, amapitirira kona n'kutuluka mumsewu, anzake n'kumudutsa. Kona ya 10 ndiyo imaliza anthu ambiri. Woyendetsa amafikapo ali pa chitsetse, akukhotera kumanzere kwinaku akuponda buleki. Pamenepo tayala lakutsogolo la kumanzere limapepukidwa, ndipo phazi likalemera pa buleki tayalalo limaima n'kukhululuzika pansi mpaka kuphwanthika mbali imodzi. Luso lake ndi kuyamba buleki msanga n'kumaimasula pang'onopang'ono pamene chiwongolero chikukhota.

Chinanso ndi phula. Miyala ya msewuwu inachokera ku Shropshire ku England, ndipo ndi yokhakhala, yodya matayala. Popeza makona ambiri ndi oyenda pang'onopang'ono, wotuluka pa kona ndi moto wambiri amatentha matayala akumbuyo. Amaoneka katswiri poyamba, koma pakutha pa maulendo angapo galimoto imayamba kugwedeza mbuyo, ndipo amene anasunga matayala ake amamupitirira. Akuluakulu ananena kuti kuthamanga sikufika. Mwana amene wazolowera bwaloli waphunzirako kudekha ndi kudziletsa, zomwe ndi mbali ya sabri imene timamuphunzitsa ku madrasa.

Tisanenenso kuti ndi chibwana chabe. Jann Mardenborough wa ku Britain anapambana mpikisano wa masewera otere wa GT Academy mu 2011, kenako anakhala woyendetsa magalimoto enieni a mpikisano. Mu Marichi 2020 mpikisano wa ku Bahrain utaimitsidwa chifukwa cha Covid-19, unachitikira pa kompyuta, ndipo anapambana ndi Zhou Guanyu wa ku China.

Komabe pali zinthu ziwiri zoti tisazilekerere. Choyamba ndi nthawi. Mpikisano wathunthu umatenga pafupifupi ola ndi theka, ndipo wosewera ndi anzake pa intaneti sangauimitse pakati. Mwana akauyamba dzuwa litapendeka, azana ya Magharibi imupeza ali pakati pa liwiro, ndipo mtima umuuza kuti ayambe wamaliza. Masewerawa amalola kusankha mpikisano waufupi, monga theka kapena gawo limodzi mwa magawo anayi. Tigwirizane nawo ana kuti ayang'ane nthawi ya Swala asanayambe, ndiponso kuti za kusukulu ndi za ku madrasa zikhale zitatha. Ngakhale eni Formula One anasintha kalendala yawo chifukwa cha Ramadhan. Mu 2024 mipikisano ya ku Bahrain ndi ku Saudi Arabia inachitika Loweruka m'malo mwa Lamulungu kuti ithe mwezi wosala usanayambe, ndipo mu 2025 anaisunthira mu Epulo. Ngati anthu a malonda akutha kupatsa malo chipembedzo, kuli bwanji ife m'nyumba zathu?

Chachiwiri ndi moyo. Pa kompyuta ukaomba khoma umangodina batani n'kubwerera pomwe unalakwitsa. Pa bwalo lenileni la Sakhir, pa 29 Novembala 2020, galimoto ya Romain Grosjean inaomba chitsulo cha m'mbali mwa msewu, n'kuduka pakati, n'kuyaka moto. Iye anatuluka wamoyo atapsa manja, chifukwa cha chitsulo choteteza mutu chotchedwa halo, zovala zosagwira moto msanga, ndi madokotala omwe anali pafupi. Mnyamata wathu akakwera njinga yamoto pa msewu wa Mangochi kapena Salima alibe zonsezi, ndipo mumsewumo muli ana a sukulu, mbuzi ndi amayi osenza nsomba. Timuuze mosabisa kuti moyo wake ndi wa anzake ndi amana yochokera kwa Allah, ndipo pamsewu palibe batani lobwezera m'mbuyo.

Ife a kunyanja tikudziwa kuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Tisadikire mwana atazama kale m'masewerawa. Tikhale naye pansi, atiwonetse m'mene amakhotera pa kona ya 10, ndipo malamulo a nthawi tiwaike pamodzi lero lomwe. Allah atisungire ana athu ndi kuwatsogolera. Tidzakumananso m'kope likudzali, Insha Allah.

Wassalamu alaikum.